Bwato la pa Chikale ndi Kukankha kwa Mfuti

Masana mwera ukagona, nyanja pa Chikale imakhala ngati yasitidwa. Asodzi a usipa amakhala ali m'tulo kudikira mdima, chilimila chitayanikidwa pamchenga, ndipo mabwato amasanduka a ana. Anyamata awiri kapena atatu amakankhira bwato m'madzi, kupalasa mpaka poti phazi silifika pansi, kenaka mmodzi n'kuimirira kumutu kwa bwatolo, n'kudumpha. Tsiku lina mukadzaona zimenezi, diso lanu lidzakhale pa bwato. Mwana akamapita kutsogolo, bwato limathawira kumbuyo, ndipo mnzake wotsala mkati amakakamira m'mphepete kuopa kupidiguka. Wodumpha uja amafuna kukagwera patali, koma amagwera pafupi, nthawi zina chamimba, phwa! Mbali ina ya mphamvu ya miyendo yake yathera pokankha bwato.

Mnyamata yemweyo akadumpha kuchokera pa boti lamatabwa la injini, lija limanyamula anthu ndi matumba kupita ku Usisya, botilo limangogwedezeka pang'ono. Akadumpha pa Ilala, sitima ya matani oposa 600 imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, palibe angamve kanthu. Mwana ndi yemweyo, miyendo ndi yomweyo. Chasintha ndi kulemera kwa chimene wapondapo.

Zimenezi Isaac Newton wa ku England anazilemba m'buku lake la Principia m'chaka cha 1687, ndipo ana a sekondale amaziloweza ngati lamulo lake lachitatu: ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana, molowera kwina. Mfuti imatsata lamulo lomweli. Chipolopolo ndiye mnyamata, mfuti ndiye bwato, ndipo dzanja la wowombera ndiye mnzake uja wakakamira m'mphepete. Wonga ukayaka m'chigoba, mpweya wotentha umakankha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chipolopolo kutsogolo, mfuti kumbuyo. Ngakhale mzinga wa sitima ya Gwendolen, imene mu August 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli tsidya la Tanzania, unkayenera kumangidwa zolimba pa sitimayo kuti kukankha kwake kumezedwe ndi chitsulo chonse cha sitima. Mzinga wa Gwendolen uli pa Mangochi mpaka lero, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Ine ndinayamba kumva za kukankha kwa mfuti kwa malume anga, amene anakula alenje akusakabe nguluwe ndi gogodera, mfuti ija amathira wonga kukamwa n'kusinja ndi kachitsulo. Tsiku lina tikudya kondowole anatsegula mabatani a malaya, n'kundigwiritsa fupa la paphewa pawo lakumanja. Linali ndi kanthubwi, ngati nthambi yothyoka imene inalumikizana yokha. "Mphwanga," anatero, "ndinaonjeza wonga kuti nguluwe igwe kamodzi. Nguluwe inapita, ine ndi amene ndinagwa." Ankanena mosaseka. Miyezi ingapo khasu sanaligwire, ndipo chaka chimenecho munda wa chinangwa unalimidwa ndi akazi awo okha.

Amalawi ambiri pisitolo sanaigwirepo, ndipo sadzaigwira. Lamulo la mfuti la dziko lino, la chaka cha 1967, limati munthu wamba asakhale ndi mfuti popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimachokera kupolisi. Komabe mfutiyi timaidziwa, kapena timaganiza kuti timaidziwa, chifukwa cha mafilimu. M'tinyumba ta vidiyo ta m'tauni ya Nkhata Bay mwana amaona munthu akuthamanga, mfuti ziwiri m'manja, kuwombera uku ndi uku osaphonya, ndipo wolasidwa amauluka kukagwera pazenera. Mwanayo amakula nazo. Ena mwa ana amenewa ndiwo amadzakhala apolisi, asilikali ndi alonda, ena aphungu okonza malamulo, ena oweruza milandu ya mfuti. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimaiona kuti ndi ya tonse. Ndipo tauni imeneyi kulira kwa mfuti imakudziwa. Pa 3 March 1959, anthu atasonkhana padoko kufuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, asilikali a boma la atsamunda anawombera khamulo. Komishoni ya Devlin inawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo, eni dera amawerenga 31. Pano nkhani ya mfuti sitiikamba ngati masewera.

Tiyambe ndi manambala aja amamveka m'nkhani za pa wailesi, oti 9mm kapena .38. Nambalayi, imene pa Chingerezi amati caliber, imanena kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake. Mayiko a ku Ulaya amayeza m'mamilimita, a America ndi Britain ankayeza m'mainchi, kotero .45 ndiye kuti magawo 45 pa magawo 100 a inchi, pafupifupi mamilimita 11 ndi theka. Mayina ena amasocheretsa. Chipolopolo cha .38 Special, cha .357 Magnum, cha .380 ACP ndi cha 9mm, zonsezi m'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 9, kusiyana kwake kochepa kuposa kukhuthala kwa tsitsi. Komabe wowombera .380 ndi wowombera .357 Magnum akakuuzani zimene manja awo amva, mungaganize kuti akunena za zida zosiyana kotheratu. Kukula kwa m'mimba pakokha sikunena zambiri. Zofunika ndi kulemera kwa chipolopolo, liwiro lake, ndi kuchuluka kwa wonga umene uli kumbuyo kwake.

Masamu ake ndi a Sitandade 6. Tengani kulemera kwa chipolopolo m'magalamu, muchulukitse ndi liwiro lake m'mamita pa sekondi. Chotuluka ndi chimene aphunzitsi a sayansi amachitcha momentum, ife tingoti mkankho. Manambala otsatirawa ndi apakatikati, poti amasintha malinga ndi fakitale ndi kutalika kwa mpope. Kachipolopolo ka .22 Long Rifle, kamene kanatuluka mu 1887 ndipo ndi kamene amapikisana nako pa Olympics powombera chandamale cha mamita 25, kamalemera magalamu 2.6 n'kuthamanga mamita pafupifupi 300 pa sekondi. Mkankho wake ndi 780. Cha 9mm, chimene Georg Luger anachikonza ku Germany cha m'ma 1902, chimalemera magalamu 8 pa liwiro la 360, mkankho 2,880. Cha .45 ACP cha John Browning ndi cholemera, magalamu 15, koma chaulesi, mamita 255 okha, mkankho pafupifupi 3,800. Cha .357 Magnum cha 1935 chimafika pa 3,800 pomwepo kudzera njira ina, magalamu 10 pa liwiro la 380. Pamwamba pali .44 Magnum, ija inatchuka ndi Clint Eastwood mu filimu ya Dirty Harry ya 1971, magalamu oposa 15 pa liwiro la 400, mkankho woposa 6,000. Mpweya wa wonga umene umatuluka pambuyo pa chipolopolo umaonjezerako, makamaka pa ma Magnum, koma chithunzi chake ndi chimenechi.

Tsopano tengani mpira wamiyendo. Umalemera magalamu pafupifupi 430. Wosewera akaumenya pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, lomwe ndi shoti wamba, mkankho wake ndi 8,600, kuposa .44 Magnum, katatu kuposa 9mm. Goloboyi wa Moyale kapena wa Bullets amaugwira mpirawo pachifuwa n'kuimabe chilili. Apa ndiye bodza la mufilimu laonekera poyera. Chipolopolo cha pisitolo sichinganyamule munthu wa makilogalamu 70 kumuponya pazenera. Chikanakhala ndi mkankho wotero, wowomberayo naye akanauluka chagada, pakuti zimene chipolopolo chanyamula kupita nazo kutsogolo n'zofanana ndi zimene mfuti yabwezera m'dzanja. Munthu wolasidwa amagwa chifukwa cha bala, ululu, mantha kapena kutha kwa magazi.

Nanga ngati mkankho uli wofanana mbali zonse, bwanji chipolopolo chimapha pamene mfuti imangogwedeza dzanja? Bwererani pa Chikale. Mwana wopepuka ndi amene amauluka, boti lolemera limangosuntha. Pisitolo ya magalamu 800 imalemera maulendo 100 kuposa chipolopolo cha magalamu 8, choncho imabwerera ndi liwiro lochepa maulendo 100, mamita atatu ndi theka pa sekondi, liwiro la munthu wothamanga pang'onopang'ono. Mphamvu yowononga, imene amaiyeza m'ma joule, imagawikana mokondera chopepuka. Chipolopolo chimatenga ma joule oposa 500, mfuti imatenga asanu okha, ofanana ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi itakugwerani kuchokera theka la mita. Kenaka ma joule asanuwo amafalikira chikhatho chonse, pamene 500 aja amalowera pa kadontho kochepa kuposa nsonga ya chala chakaniche. Aliyense amene anapondapo msomali amadziwa zimene kadontho kamachita.

Apa mpamene anthu ongoyamba kumene amasokonekera. Akafika m'sitolo ya mfuti ku Johannesburg kapena ku America, amaloza kamfuti kakang'ono kwambiri, poganiza kuti kakang'ono ndiye kofatsa, ndipo kawirikawiri amuna amasankhira akazi awo koteroko. Zoona zake n'zotembenuka. Kamfuti kakang'ono ndi kabwato ka mwana. Pisitolo ya Colt M1911, yachitsulo chokhachokha, imalemera kilogalamu 1.1, ndipo ngakhale imawombera .45 ACP, imabwerera pa liwiro la mamita atatu ndi theka pa sekondi. Glock 17, imene Gaston Glock wa ku Austria anaitulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi thupi lapulasitiki, imalemera magalamu pafupifupi 700 ikakhala yopanda zipolopolo. Imawombera 9mm, chipolopolo chocheperapo, koma imabwerera pa mamita anayi. Mukawerengera mphamvu yofika m'dzanja, ziwirizi zimayandikana kwambiri. Ndiye pali timarevolver ta .357 Magnum tolowa m'thumba la buluku, tolemera magalamu osafika 400. Timeneti timabwerera pa mamita pafupifupi 10 pa sekondi, ndipo akatswiri amene akhala akuwombera moyo wawo wonse amavomereza kuti zipolopolo zisanu zimakwana kuti chikhatho chichite dzanzi. Kuonjezera apo, chogwirira chake n'chachifupi, chala chakaniche chimalendewera m'malere, ndipo mphamvu yonse imathera pa mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Manambala sanena zonse. Owombera amati .45 imakankha, pamene chipolopolo china, cha .40, chimakwapula. Mawu awiriwa akunena za nthawi. Wina akakukankhani paphewa ndi chikhatho, wina n'kukumenyani mbama, mwina mphamvu zawo n'zofanana, koma thupi limazilandira mosiyana. Chipolopolo cha .45 chimatuluka ndi mpweya wosapanikizika kwambiri, ndipo mfuti yake yolemera imabwerera modekha. Cha .40 ndi cha .357 zimatuluka mwaukali, zonse zimathera m'kaphindi kochepa. Kapangidwe ka mfuti nako kamalowererapo. Pisitolo zambiri zili ndi chitsulo chapamwamba chimene chimatsetsereka kumbuyo, kupanikiza sipuling'i, kutaya chigoba ndi kulowetsa chipolopolo china. Kuyenda kumeneku kumatalikitsa nthawi ya kukankha, monga mmene masipuling'i a minibasi amafewetsera maenje a pamsewu. Revolver, ija ili ndi kamgolo kozungulira, ilibe zotere. Zonse zimabwera nthawi imodzi ngati wakwera ngolo ya ng'ombe. Ndipo pisitolo yotsetserekayo imafuna dzanja lolimba kumbuyo kwake, apo ayi mfuti yonse imabwerera pamodzi ndi chitsulo chija, chigoba n'kukodwa pakhomo.

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa zonsezi ndi kudzuka kwa kamwa la mfuti. Mpope uli pamwamba, dzanja lili pansi pake. Kukankha kukabwera motsata mpope, mfuti imazungulira pamfundo ya dzanja, paja timavalapo wotchi, kamwa n'kuloza kumwamba. N'chimodzimodzi kukankha kabati pamwamba, imapendama m'malo moyenda. Chipolopolo choyamba chimakhala chitatuluka kale mfuti isanadzuke kwenikweni, choncho chimapita pafupi ndi pamene munthu analoza. Vuto ndi chachiwiri ndi chachitatu. Munthu wamantha, mtima ukugunda, amakoka msanga mfuti isanabwerere m'malo mwake, ndipo chipolopolocho chimadutsa pamwamba pa chimene amafuna n'kupitirira ulendo. Kukula kwa kukankha ndiye kukulanso kwa kudzukako. Mu August 2014 ku Arizona, mphunzitsi wa zowombera anafa atapatsa mtsikana wa zaka 9 mfuti ya Uzi yolavula zipolopolo motsatizana. Mwanayo sanalakwe kanthu, manja ake sakanatha kuigwira, mfuti inadzuka yokha.

Palinso zimene thupi limachita lisanauzidwe. Kulira kwa pisitolo kumafika ma decibel 160, pamene 140 okha amakwana kuwononga khutu nthawi imodzi, n'chifukwa chake ophunzira kuwombera amavala zotseka m'makutu. Thupi likamva phokoso ndi kugwedezeka koteroko kawiri katatu, limayamba kudziteteza. Maso amatsinzina, mapewa amakwera, dzanja limakankhira mfuti pansi kusanalire n'komwe. Zipolopolo zimayamba kugwera m'munsi mwa chandamale, ndipo wowomberayo amalumbira kuti mfuti ndi yokhota. Aphunzitsi amamuonetsa vuto lake pomusakanizira chipolopolo chabodza pakati pa zenizeni. Akafika pa chabodzacho mfuti siilira, koma kamwa lake limagwadira pansi aliyense akuona. Chizolowezi chimenechi chikakhazikika chimavuta kuchotsa, ndiye chifukwa chake aphunzitsi anzeru amayambitsa munthu ndi .22, yosawopsa dzanja, kuti aphunzire kaye kudekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkangano wa chipolopolo chachikulu ndi chaching'ono watha zaka zoposa 100, ndipo umayenda mozungulira. Asilikali a America, pomenyana ndi Amoro a kumwera kwa Philippines kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anadandaula kuti revolver yawo ya .38 Long Colt imalephera kuimitsa munthu wothamanga ndi chikwanje. Mu 1904 akuluakulu awiri a asilikali, Thompson ndi LaGarde, anayesa zipolopolo zosiyanasiyana pa ng'ombe za kophera nyama ku Chicago, n'kulangiza kuti chipolopolo chisachepere .45. Umu ndi mmene M1911 inabadwira, ndipo inatumikira mpaka 1985 pamene inalowedwa m'malo ndi Beretta ya 9mm. A Britain anayenda njira yobwerera. Akuluakulu a asilikali awo, kuphatikizapo amene ankatsogolera King's African Rifles ku Zomba, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankanyamula revolver ya Webley ya .455, ya chipolopolo cha magalamu 17. Nkhondo itatha anaona kuti mfutiyo imayenera msilikali wozolowera, koma mnyamata wophunzira masabata ochepa amaphonya nayo. Mu 1932 anatsikira ku Enfield ya .38, ndipo pambuyo pake ku Browning Hi-Power ya 9mm, yonyamula zipolopolo 13.

Phunziro lomwelo a FBI ku America analilipira ndi magazi. Pa 11 April 1986 ku Miami, apolisi awo asanu ndi atatu anatsekereza mbava ziwiri zothyola mabanki. M'mphindi zosakwana zisanu apolisi awiri, Jerry Dove ndi Benjamin Grogan, anali atafa, asanu atavulala. Mmodzi wa mbavazo analasidwa koyambirira ndi chipolopolo cha 9mm chimene chinadutsa mkono, kulowa m'chifuwa, n'kuima pafupi ndi mtima. Bala limenelo linali lakupha, koma munthuyo anapitiriza kuwombera. Akuluakulu anaimba mlandu chipolopolo. Anasankha china champhamvu kwambiri, 10mm Auto, koma ataona mmene chimakankhira anachichepetsera wonga. Makampani a Smith & Wesson ndi Winchester anaona kuti wonga wochepawo ukhoza kukwana m'chigoba chachifupi, ndipo mu 1990 anatulutsa .40 S&W, magalamu pafupifupi 12 pa liwiro la 300, mkankho 3,500. Kwa zaka makumi awiri chipolopolo chimenechi chinalamulira pakati pa apolisi a dzikolo.

Kenaka mu 2014 nthambi yophunzitsa ya FBI yomweyo inalemba kuti ndi bwino kubwerera ku 9mm, ndipo mu 2016 anagula ma Glock a 9mm. Zifukwa zawo n'zofunika kuzimva bwino. Anati zipolopolo zamakono za 9mm zimalowa mokwanira monga zinazo, ndipo madokotala ochita opaleshoni sangathe kusiyanitsa bala la 9mm, la .40 ndi la .45 pongoliona. Anati apolisi awo, ongoyamba ndi akatswiri omwe, amawombera msanga ndi molunjika akagwira 9mm, mfuti imanyamula zipolopolo zambiri ndipo siikutha msanga. Koma chifukwa chimene chimandikhudza ine ndi ichi: anavomereza kuti pa kuwomberana kwenikweni, apolisi amaphonya zipolopolo 70 mpaka 80 pa 100 zilizonse. Awa ndi anthu ophunzitsidwa, a m'dziko lolemera, okhala ndi zipolopolo zoyeserera zosawerengeka. Pa zipolopolo khumi, zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zimapita kwina. Kwinako kumakhala khoma, galimoto, kapena mayi wogulitsa nthochi.

Ndikaganiza za manambala amenewa ndimaona Chikale pa tsiku la Khirisimasi kapena la Chaka Chatsopano, mchenga wosaoneka ndi anthu, mabasi ochokera ku Mzuzu atandandalika, ana ali m'madzi, amayi akuwotcha batala pamakala. Pamalo otero funso loti chipolopolo chiti ndi champhamvu lilibe ntchito kwa ine. Ndimafuna kudziwa ngati munthu amene boma lamupatsa mfuti m'chiuno anawomberapo zipolopolo zokwanira pamalo ophunzirira chaka chino, ngati mfutiyo ikukwana m'dzanja mwake, ngati akudziwa kumene chachiwiri chimapita. Zipolopolo zoyeserera zimadula, ndipo bajeti ikamavuta ndi zinthu zotere zimene zimayamba kudulidwa chifukwa sizioneka. Ine ndimati ndalama yophunzitsira wapolisi kugwira bwino mfuti ndi ndalama yotetezera munthu wongodutsa.

Mfuti zina zili m'manja mwa anthu amene sanaphunzirepo n'komwe. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, inasiya mfuti zambirimbiri, ndipo dziko lathu, limene linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, lili ndi malire aatali ovuta kulondera. Pambali pa AK-47 panali mapisitolo a ku Soviet Union. Tokarev imawombera kachipolopolo kowonda, ka mamilimita 7.62, magalamu 5.5, koma kaliwiro loposa mamita 400 pa sekondi, kaphokoso ndi koboola kwambiri, kotha kudutsa chitseko n'kukalasa wa m'chipinda china. Makarov ndi yaifupi, chipolopolo chake cha 9×18 n'chofookerapo kuposa 9mm ya Luger, koma poti mpope wake sukhomana ndi chitsulo chotsetsereka chija, imamenya chikhatho mwaukali kuposa mmene nambala yake ikunenera. Kwathu kuno, mu December 1993, asilikali ataphedwa ndi a Malawi Young Pioneers ku Mzuzu, mtunda wosafika makilomita 50 kuchokera pa Chikale, gulu lankhondo linayamba Operation Bwezani kulanda zida za apayoniya, ndipo ena anathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Pangano la SADC loletsa kufalikira kwa mfuti ndi zipolopolo linasainidwa ku Blantyre mu August 2001. Ku Mozambique komweko, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo anayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anadula mfutizo n'kuwotcherera mtengo wachitsulo umene unakaikidwa ku British Museum mu 2005.

Titsirize ndi kachipolopolo kaja tinayamba nako, .22, kamene mkankho wake ndi 780 basi, kamene ngakhale mwana angawombere dzanja osagwedezeka. Kufatsa kwake m'dzanja kumanamiza anthu, amakatenga ngati kowombera mbalame ndi zitini. Koma pa makatoni ake opanga amalembapo chenjezo loti kakhoza kuvulaza munthu pamtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Ndipo pamadzi kali ndi khalidwe limene mwana aliyense wa kunyanja amalidziwa. Ana a pa Chikale amasankha kamwala kaphanthiphanthi, kuwerama, n'kukaponya chopendekera kuti kadumphe pamadzi katatu, kanayi, kasanu. Chipolopolo chikafika pamadzi chogona chimachita zomwezo, chimanjanja n'kusintha njira, osataya liwiro lambiri. Munthu woima pamchenga usiku, kuwombera kunyanja poganiza kuti kulibe anthu, amakhala akuloza kumene kuli timagetsi tija timaoneka ngati mudzi woyandama. Pansi pa nyali iliyonse pali bwato, ndipo m'bwatomo muli siginala, msodzi woyang'anira nyaliyo, atakhala chete, akudikira usipa kuti ukwere.